Mpeni Watsopano wa a Masiye

Moni kwa inu nonse amene mwatsegula tsamba lino, kaya muli pakhonde, kaya muli paulendo. Tiyambe ndi kuyamika Mulungu amene watisunga ndi moyo kufikira lero, osati chifukwa ndife abwino, koma chifukwa cha chifundo chake. Ndikuyamikaninso inu pondipatsa khutu. Nkhani yanga ndi ya banja lina la kwa Maganga. Ndi yachisoni, koma Ambuye analimo.

A Masiye anali mkulu wa mpingo, woimba besi, ndiponso munthu wa mipeni. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yophika pa hotela ina ku Senga Bay, ndipo kumeneko anaphunzira kusamala mpeni monga ena asamalira njinga yatsopano. Atasiya ntchitoyo anayamba kuweta nkhumba ndi kugulitsa kapado pamsika. Mipeni yawo inkagona m'nsalu, uliwonse pawokha. Ikatha ntchito ankaitsuka, kuipukuta mpaka iume, kenaka kuipaka mafuta a nkhumba a m'kachitini kamene kankakhala pamwamba pa khoma la khitchini, chifukwa chinyontho cha kunyanja sichichedwa kugwiritsa chitsulo dzimbiri. Akazi awo, mayi Agnes, amene iwo ankawaitana kuti Nambewe, anauzolowera mwambo umenewu mpaka manja awo ankangouchita okha.

Mwa ana awo, amene anakula ndi mmodzi yekha, Pauline. Iye anakwatiwa ndi Abbas, mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu, nalowa Chisilamu, natenga dzina loti Zahra. Zinawapweteka a Masiye, koma sanamutemberere, ndipo ku ukwati anapita. Chimene chinawalekanitsa chinachitika pambuyo pake, tsiku limene mwanayo anabwera koyamba kudzacheza. Bambo ake anamuphera thadzi lonenepa, nalidula okha ndi mpeni wawo wapamtima. Chakudya chitafika pamphasa, Zahra anayang'ana mbale ija nati wakhuta, angodya nkhwani.

"Mpeni wanga ndi wauve?" anafunsa a Masiye.

Zahra anatenga nkhwani nayamba kudya. Bambo ake sanafunsenso, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso m'nyumbamo. Ankabwerabe, koma atadya kale. Ankalandira mango, chimanga chootcha kapena nzimbe, n'kutsanzika mphika usanapse. Kenaka maulendowo anayamba kutalikirana. Ana ake anabadwa, woyamba mpaka anafika ku sekondale, osadziwa kukoma kwa ndiwo za agogo awo. Panalibe kutukwanana kapena kuthamangitsana. Panali mbale imodzi yokha imene sinkatsikanso pathandala.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, sitiroko inawagwetsa a Masiye m'khola la nkhumba. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo kumeza kunayamba kuvuta. Kuchipatala anawathandiza mmene akanathera, kenaka anawabweza kuti akapumire kunyumba. Nkhumba anazitenga mphwawo. Munthu amene mawu ake ankagwedeza malata a tchalitchi tsopano ankangong'ung'udza nyimbo za Mulungu chapansipansi, mawu osatuluka bwino. Masiku a munthu ali ngati udzu ndithu.

M'mawa wina akazi awo akuwapukuta kumaso, a Masiye anawagwira mkono ndi dzanja lamanzere.

"Nambewe, ndikufuna Pauline adye ndiwo m'nyumba muno, ine ndikuona."

Mayi Agnes anati amuuza, koma nanga adya bwanji poti zinthu zake n'zomwe zija? A Masiye anali atalingalira kale zonse pa masiku amene anagona akuyang'ana denga. Anati pagulidwe poto watsopano, mbale zatsopano ndi chipande chatsopano. Nkhuku adzazinge ndi Che Omari, bambo ake a Abbas, amene ankazinga nyama mwa Chisilamu kwawo ku Lifuwu. Abbas mwini wake anali ku Joni kuntchito. Koma Che Omari asabwere ndi mpeni wawo. Pamenepa a Masiye analimbikira mpaka malovu anatsikira kuchibwano. Nkhukuyo izingidwe ndi kudulidwa ndi mpeni wa nyumba ino, watsopano, wosakhudzapo nkhumba, wonoledwa ndi dzanja lawo. Mayi Agnes anaimba foni, ndipo anagwirizana za Loweruka.

Za kasankhidwe ka mpeni a Masiye anazinena pang'onopang'ono, akupuma pakati, ndipo anawauza akazi awo kuti abwereze ngati ana a kalasi ya ubatizo. Asagule yonyezimira ya m'mapepala, yopepuka ngati supuni, imene imapindika ikakumana ndi fupa. Asayandikirenso pa mulu wa kaunjika. Mipeni yabwino imapezekamo, koma ndani akudziwa chimene inadula kumene inachokera? Apite kwa mmisiri wosula zitsulo kuseri kwa msika, amene amasula mipeni ndi sipuling'i ya lole. Auyang'ane kumsana ngati uli wowongoka. Chitsulo chake chidutse m'chogwirira mpaka kumapeto, chokhomedwa ndi misomali yosagwedera. Augoneke pachala pamene chitsulo chikumana ndi mtengo, aone ngati ukukhazikika. Pomaliza augogode ndi chikhadabo, chifukwa chitsulo chabwino chimalira mawu otalika, chachabe chimangoti phwa.

Mayi Agnes anakwera kabaza mpaka pa boma. Kwa wosula uja anachita zonse monga anauzidwira. Uwu anaubweza chifukwa chokhota, winawo chifukwa msomali umodzi unali wolowa mopendekera, wachitatu sunalire bwino. Mmisiriyo anasiya kupukusa moto n'kuyamba kuonerera.

"Amayi, kodi mukusankha mpeni kapena mkamwini?"

"Mkamwini sanandifunse, mwana wanga. Mpeni wokhawu undilole ndisankhe."

Mmisiriyo anaseka, nalowa m'kachisakasa kake, natulutsa wina umene unali usanaikidwe pamalonda. Unali wakuda kumsana, chogwirira cha mlombwa, wolemera bwino m'dzanja. Mayi Agnes anaugogoda pafupi ndi khutu, ndipo unalira. Anagulanso mwala wonolera watsopano, chifukwa a Masiye anati wakale uja wadya mipeni yambiri ya kapado.

Kunola kunachitika pakhonde m'mawa mwake. Mayi Agnes anawatsamiritsa amuna awo kukhoma ndi mapilo, naika mwala pa thabwa pakati pawo atauviika m'madzi. Iwo anagwira mpeni, a Masiye nasanjika dzanja lawo lamoyo pamwamba pa manja awo. Zaka zonse za ukwati wawo anali asanaloledwe kunola mpeni wa amuna awo, ndipo anawakumbutsa zimenezo. A Masiye anati chifukwa chake chikuoneka, taonani mmene mwauimikira ngati mukupala nsomba. Mpeni ugone pang'ono, pansi pa msana wake pangotsala mpata wa timitengo tiwiri ta machesi. Auyendetse ngati akufuna kusenga kachikopa kopyapyala pamwalapo, kuyambira kuchogwirira mpaka kunsonga, osakanikiza. Madzi asaume. Matope akuda amene akutuluka asawataye, ndi amene akugwira ntchito.

"Mukundiphunzitsa lero nditakalamba, kuti nditani nazo?" anatero mayi Agnes.

"Kuti musamadzadule tomato ndi pemphero lokha ine kulibe."

Mayi Agnes anamwetulira pang'ono. Anapitiriza kunola. Patapita nthawi a Masiye anapapasa m'mphepete mwa chitsulo ndi chala, namva kamlomo kokanda kamene kamatuluka mbali imodzi ikakwana. Anatembenuza, nanola mbali inayo, kenaka mopepuka uku ndi uku mpaka kamlomo kaja kanatha. Pomalizira panafunika chikopa. Lamba wonolera wakale a Masiye anamukana, nati abwere ndi lamba wawo wovala kutchalitchi, poti sakumuvalanso. Tomato atabwera, mpeni unalowa wokha popanda kukankha, madzi ake osatayika. A Masiye anatseka maso n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo yoyamika, thukuta likutsika ngati achokera kumunda. Tsiku lonselo anagona.

Mvula inagwa osaleka mpaka Lachisanu. M'mawa wa tsikulo mayi Agnes anafunyulula mpeni uja napeza timadontho tofiira pafupi ndi nsonga. Amuna awo akaona dzimbiri pa mpeni umenewu adzamva bwanji? Anaukwecha ndi phulusa, naupukuta mpaka kuuma. Kenaka dzanja lawo linakwera pamwamba pa khoma, linatsitsa kachitini kaja, ndipo chala chinapaka mafuta mbali zonse ziwiri ndi pachogwirira pomwe. Anali akuganiza za nkhuku yoti agwire ndi za nkhuni zonyowa. Poto anamuganizira, mbale, chipande, mwala ndi lamba anaziganizira, koma kachitiniko kanali kakale kwambiri m'moyo wawo moti sankakaonanso. Anaukulunga mpeniwo m'nsalu yoyera, nayamika Mulungu kuti dzimbirilo aliona msanga.

Loweruka kunacha bwino. Zahra anafika pa kabaza atanyamula mpunga wa ku Lifuwu, Che Omari akubwera pambuyo pa njinga yawo, atapinda mkanjo kuopa matope. Anali nkhalamba yowonda, ya ndevu zoyera, yoyankhula mofatsa. Zahra anagwada pafupi ndi mphasa ya bambo ake nawagwira dzanja lakufa lija, nawapatsa moni. Che Omari anakhala pampando, nafunsa za matenda, nati Mulungu ndiye mwini mankhwala. Anaonetsa matumba awo kuti abwera chimanjamanja monga anauzidwira, nati munthu wozinga kuyenda wopanda mpeni akumva ngati waiwala nsapato.

A Masiye anakodola akazi awo. Mayi Agnes anabwera ndi kansalu kaja, nagwada, napereka ndi manja awiri.

Che Omari anafunyulula, nauyeza m'dzanja, nagwedeza mutu movomereza. Anati mpeni wotere sanaugwirepo chaka chino, ndipo amene anaunola amadziwa chifundo, pakuti mpeni wobuntha ndi nkhanza kwa nyama. Mbali yamoyo ya nkhope ya a Masiye inawala. Kenaka mkuluyo anaukweza pafupi ndi diso kuti aone ngati pali pobenthuka, ndipo anangoima choncho. Anaubweza pang'ono, naununkhiza.

"Asewele," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana mayi Agnes, "mwaupaka chiyani?"

Mayi Agnes anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo yankholo linawafikira iwo eni lisanatuluke. Anakhala pansi pomwepo pa dothi lonyowa, manja ali pamutu. Anati unachita dzimbiri, anangofuna kuuteteza, sanaganize. Anabwereza kuti sanaganize. Palibe anawadzudzula. A Masiye anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo misozi inkatsika ku diso limodzi.

"Kautayeni m'chimbudzi," anatero.

"Ababa, musadandaule," anatero Zahra. "Ndingodya masamba, ndakhuta kale."

Atangotero anagwira pakamwa pake, chifukwa iye ndi makolo ake anawazindikira mawuwo. Nkhuku yomangidwa miyendo inkakupiza mapiko pansi pa mtengo wa mango.

Che Omari anakhala akuyang'ana uyu ndi uyu. Kenaka anafunsa ngati pali madzi oyera ndi malo amene nkhumba sizinkafikako. Zahra anabweretsa ndowa ya madzi a pa mjigo. Mkuluyo anapita kumunda wa chinangwa kuseri, nabwera ndi dothi lodzaza dzanja. Anakwinya manja a mkanjo, nayamba wachotsa mafuta onse ndi sopo. Atatero anasakaniza dothi lija ndi madzi, natsuka nalo mpeni wonse, chitsulo ndi chogwirira, mpaka m'mbali mwa misomali. Kenaka anathira madzi oyera, nathiranso, akuwerenga ndi milomo, mpaka kunakwana kasanu ndi kawiri. Anati umu ndi mmene iwo amachotsera najisi, ndiko kuti chodetsa cha nkhumba, pa chiwiya chilichonse, ndipo tsopano mpeniwo uli woyera.

A Masiye anali atatembenuka. Anayang'ana ndowa ija, nayang'ana matope amene anali kuyenderera pabwalo.

"Basi?"

"Basi, asewele."

"Nanga mipeni yanga ija? Mapoto a Nambewe?"

"Chimodzimodzi. Madzi, dothi, ndi munthu woti azinge. Ine ndili ndi njinga, mukanangondituma."

"Bwanji simunanene?"

Che Omari anapukuta manja pang'onopang'ono. Anati iwo ankaganiza kuti a Masiye sakufuna, ndipo kupita kwa mkulu wa mpingo kukamuuza za katsukidwe ka ziwiya zake kukanaoneka ngati chipongwe. Zahra anayankhula akuyang'ana pamphasa. Anati tsiku loyamba lija anali wachilendo m'chipembedzo, sankadziwa zimenezi, ankangoopa kulakwa. Pamene anadzazidziwa, zaka zinali zitapita kale, ndipo sanapeze poyambira.

"Ndikanakuuzani bwanji kuti mpeni wanu utsukidwe ndi dothi, ababa? Inu amene munkatikalipira tikausiya wonyowa?"

A Masiye anayang'ana mwana wawo. Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika. Mayi Agnes analira mosabisa, osatinso chifukwa cha kachitini, koma chifukwa cha Makhirisimasi onse aja, ndi zidzukulu zimene zinakulira kutali pamene Lifuwu ndi pafupi pomwepa. Mulungu anatipatsa pakamwa kuti tizifunsana, koma ife timasunga mafunso athu mpaka tsiku litapendeka.

Che Omari anayesa mpeni pa chikhadabo, nati dothi laufooketsa pang'ono. Anapempha mwala, nanyamuka nawo kupita kuseri kwa nyumba, chifukwa kwawo mpeni sunoledwa nyama ikuona. Phokoso la kunola linkamveka pakhonde. A Masiye anatchera khutu, nkhope n'kuyamba kukwinyika.

"Kawauze apongozi akowo augoneke," anauza Zahra. "Akunola kapena akulima?"

Zahra anaseka misozi ili m'masaya, napita kukanena. Kuseriko kunamveka mawu a mkulu uja akuti odwala a masiku ano ali ndi makutu ngati a mleme. Koma kulira kwa mwala kunasintha, ndipo a Masiye anagwedeza mutu.

Che Omari anayang'anitsa nkhuku kumpoto, kumene Asilamu amayang'ana popemphera, natchula dzina la Mulungu, nazinga kamodzi kokha. Mayi ndi mwana wake analowa m'khitchini. Zahra ndiye anaidula, mpeni ukungotsata mfundo za mafupa, ndipo anadulanso anyezi ndi tomato. Sanayankhulane zambiri. Mayi Agnes anangomufunsa ngati amathirabe mchere wambiri, iye nati kwa apongozi anamuletsa.

Chakudya chitapsa, Che Omari anapatsidwa chawo pampando, koma a Masiye anati mbale ya Zahra ndi mayi ake iikidwe pamphasa pawo pomwepo. Anayesa kupemphera. Mawu ambiri anatayika m'kamwa, koma Amen anamveka, ndipo Zahra ananong'ona pemphero lake. Mayi Agnes anawamwetsa amuna awo msuzi ndi supuni. Woyamba unatsika, wachiwiri unawatsamwitsa, ndipo anakankha supuniyo. Anati iwo sanaitanitse nkhukuyi kuti adye.

Zahra anasamba m'manja, naumba mpunga, nausunsa mumsuzi, nadya. Anatenga ntchafu. Bambo ake ankatsata dzanja lake ndi maso kuchokera m'mbale mpaka pakamwa, ndi kubwereranso. Ankalira, koma sanaleke.

"Yakoma?"

"Yakoma, ababa."

"Tenganso chiwindi. Usasiyire amako, adya zambiri m'nyumba muno."

Anatenga. Asanafike pakati pa mbale, maso a a Masiye anayamba kulemera, ndipo anagona mutu utapendekera kwa iye. Zahra anafuna kusamba m'manja, koma mayi ake anamugwira mkono, nati apitirize, mwina adzidzimuka n'kuyang'ana. Choncho anakhala pamenepo akudya pang'onopang'ono pafupi ndi bambo ake ogona, mpaka m'mbale munatsala mafupa okha. A Masiye sanadzuke mpaka alendo atatsala pang'ono kunyamuka.

Anagwirizana kuti sukulu akatsekera Zahra adzabwere ndi ana onse, Che Omari adzazinge mbuzi. Koma Ambuye anawaitana a Masiye sabata yotsatira, mpunga wa ku Lifuwu usanabereke. Zidzukulu zinabweradi, ndipo zinadya pakhomo pa agogo awo, koma chinali chakudya cha pamaliro. Mwana wawo anadya pamaso pawo kamodzi kokhako.

Tsopano inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu wa chitonthozo chonse akhale nanu. Akupatseni kulimba mtima kofunsa pamene mwakhala chete nthawi yaitali, ndi kufatsa koyankha pamene mwafunsidwa. Ngati pali wanu amene sakhalanso pamphasa panu, Ambuye amubweze inu mukadali ndi maso omuona. Adalitse manja amene amakuphikirani, apukute misozi ya amasiye, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba yanu. Amen.